Kusaka White Bass ndi Haibridi Madzi Akazizira: Mafunso ndi Mayankho a ku Nyanja za ku Texas

Miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene kuno kwathu mvula ili pakati ndipo anthu ali kalikiliki kupalira, ku United States kumakhala kukuzizira koopsa. Kumpoto kwa dzikolo nyanja zimaundana mpaka anthu kumayenda pamwamba pake. Kumwera, monga ku Texas, madzi amangozizira osaundana, ndipo maboti amayenda chaka chonse. Komabe asodzi ambiri amene amagwira white bass ndi haibridi mosavuta m'nyengo yotentha, nthawi imeneyi amabwerera kunyumba chimanjamanja n'kumanena kuti nsomba zasiya kudya. Nsombazo zimadyabe, kungoti zaunjikana pamalo ochepa kwambiri, mbali yaikulu ya nyanja n'kungotsala madzi okhaokha. Ntchito yonse ya msodzi m'nyengoyi yagona pa kupeza malo ochepawo.

Kodi white bass ndi haibridi ndi nsomba zotani?

White bass ndi nsomba ya m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mchere za ku North America. Thupi lake ndi lonyezimira, lophwatalala pang'ono, lokhala ndi timizere takuda m'nthitimu. Si yaikulu. Zambiri zimene anthu amagwira sizifika kilogalamu imodzi, moti ina imene inagwidwa mu 1989 ku Lake Orange m'chigawo cha Virginia inalowa m'mabuku chifukwa cholemera makilogalamu 3. Ku Texas ndi ku Oklahoma amaitchanso sand bass. Simakhalitsa, kumwerako ikafika zaka 4 ndiye kuti yakalamba.

Haibridi ndi yochita kupangidwa ndi anthu. Kholo lake lina ndi white bass, lina ndi striped bass, chinsomba cha m'nyanja ya mchere ya Atlantic chimene chimakwera mitsinje nthawi yoswana. Madamu a Santee Cooper atatsekedwa ku South Carolina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ma striped bass ena anatsekeredwa kumtunda, ndipo m'malo mofa anayamba kuswana momwemo. Akatswiri ataona izi anayamba kuwathira m'madamu ena, koma m'malo ambiri akumwera ankavutika ndi kutentha kwa madzi. M'zaka za m'ma 1960, ku South Carolina komweko, anasakaniza mazira a striped bass ndi umuna wa white bass. Panatuluka nsomba yokula msanga, yolimba pa chingwe, yopirira madzi ofunda kuposa make. Yaikulu kwambiri inagwidwa mu 1997 ku Greers Ferry Lake m'chigawo cha Arkansas, ndipo inaposa makilogalamu 12.

Haibridi siziswana mokwanira kuti zichulukane zokha m'nyanja. Bungwe la boma la Texas Parks and Wildlife Department limaswetsa ana ake m'malo ngati Dundee State Fish Hatchery n'kukathira m'nyanja zosankhidwa. Choncho musanakonze ulendo, yambani mwaona ngati nyanja imene mukufuna kupitayo anathiramo haibridi zaka zingapo zapitazi. Bungweli limaika ndondomeko yonse pa intaneti, nyanja ndi nyanja, chaka ndi chaka.

Ndingazisiyanitse bwanji zikakhala zazing'ono?

Ikanuleni pakamwa muone lilime. White bass ili ndi kachigamba kamodzi ka timano kumbuyo kwa lilime, pamene haibridi ili ndi tiwiri. Mizere ya haibridi ndi yooneka bwino koma yodukaduka, ndipo ingapo imafika kumchira. Ya white bass ndi yofufuma, ndipo kawirikawiri umodzi wokha ndi umene umafika kumchira.

Musaone ngati n'zopepuka, chifukwa lamulo limazisiyanitsa. M'nyanja zambiri za ku Texas, white bass yololedwa kupita nayo kunyumba iyenera kufika mainchesi 10, omwe ndi masentimita 25, ndipo munthu sangatenge zoposa 25 pa tsiku. Haibridi iyenera kufika mainchesi 18, pafupifupi masentimita 46, ndipo patsiku ndi 5 zokha, kuwerengera pamodzi ndi striped bass. Munthu amene wasunga kahaibridi ka masentimita 30 poganiza kuti ndi white bass yonenepa walakwira lamulo. Nyanja zina, monga Lake Texoma, zili ndi malamulo akeake.

N'chifukwa chiyani asodzi amazisaka pamodzi?

Zimadya chakudya chimodzi ndipo khalidwe lake ndi limodzi. Zonse zimayenda m'magulu, m'madzi a patetete, osati kubisala m'zitsa kapena m'maudzu kudikira chodutsa. Zimatha kuyenda makilomita angapo usiku umodzi. Nthawi zambiri mukapeza khamu la white bass, haibridi sizikhala patali: zimakhala pansi pake kapena m'mphepete mwa khamulo, zochepa koma zazikulu.

Kodi m'nyanja mumachitika chiyani kukazizira?

M'nyengo yotentha nyanja yakuya imagawika pawiri. Pamwamba pamakhala madzi ofunda, omwe ndi opepuka. Pansi pamakhala ozizira, omwe ndi olemera, ndipo awiriwa sasakanikirana. Kunsiko zinyalala zowola zimamaliza mpweya wa okosijeni, moti pofika Julayi kapena Ogasiti nsomba sizingakhaleko. Zonse zimapanikizika pamwamba pa malire a madzi ofunda ndi ozizirawo. Kwa msodzi, m'pamene zinthu zimaphweka, chifukwa theka la nyanja latsekedwa kale.

Cha mu Okutobala ndi Novembala mphepo yozizira imaziziritsa madzi a pamwamba. Madziwo amalemera n'kumira, a pansi n'kukwera, ndipo mafunde amatakasa zonse. Zikatha izi, mpweya umafika mpaka pansi penipeni, ndipo kuzizira kwa madzi kumakhala pafupifupi kofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nsomba tsopano ikhoza kukhala pa mamita 2 kapena pa mamita 20, mmene yafunira.

M'nyanja za kumpoto ndi pakati pa Texas, madzi a mu Januwale amakhala cha m'ma madigiri 7 mpaka 12. Thupi la nsomba limazizira molingana ndi madzi. Chakudya chimachedwa kugayika m'mimba, njala imachedwa kubwera, ndipo nsomba sithamangitsa chinthu mtunda wautali monga imachitira mu Juni. Komanso madzi osaya amasintha msanga: masana dzuwa likawala amafunda, usiku amazizira kwambiri. Akuya sasinthasintha chotero. Tinsomba ting'onoting'ono timathawira kumene zinthu zili zokhazikika, ndipo zazikulu zimatsatira.

Nanga ndiyambire pati?

Pa chakudya chake. M'madamu a kumwera kwa United States, white bass ndi haibridi zimadalira nsomba yotchedwa shad. Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa kuti ncheni imapezeka pamene pali usipa, ndipo kumenekonso ndi chimodzimodzi: pomwe palibe shad musataye nthawi, ngakhale malowo aoneke abwino bwanji pa mapu, ngakhale munagwirapo zambiri chaka chatha.

Shad zilipo za mitundu iwiri. Gizzard shad imapirira kuzizira, koma imakula msanga mpaka kupitirira masentimita 30, ndiye white bass imangodya ana ake. Haibridi zazikulu ndi zimene zimameza zokulirapo. Threadfin shad ndi yaing'ono, kawirikawiri masentimita 5 mpaka 13, ndipo ndiyo ndiwo yeniyeni. Vuto lake ndi lakuti kwawo n'kotentha. Madzi akazizira kufika cha m'ma madigiri 7 imayamba kufooka, ndipo akafika cha m'ma 5 imafa yambirimbiri. Ndiye kukangoyamba kuzizira, threadfin zimachoka m'timagombe ndi m'timitsinje momwe zinali mu Okutobala, n'kupita kukaunjikana m'madzi akuya a pakati pa nyanja, m'magulu akuluakulu okwana kudzaza nyumba.

Kufooka kumeneku ndiko kumalamula zonse zochitika m'nyengoyi. Shad yofooka sithamanga. Imangogwedezeka pang'ono, kupendekeka, n'kumamira pang'onopang'ono. Haibridi imangoima pansi pa khamu n'kumatola zogwa. Chisanu chikakula kwambiri, monga chinachitira mu Febuluwale 2021 pamene Texas yense anazizidwa ndipo boma linawerengera nsomba zakufa zosachepera 3.8 miliyoni m'mbali mwa nyanja ya mchere yokha, shad zimafa zochuluka mwakuti nsomba zazikulu zimakhuta kwa masiku angapo osayang'ana n'komwe nyambo. Pakapita nthawi njala imabwerera, ndipo poti shad zachepa, zimaluma chilichonse.

Ndi malo ati enieni amene ndiyenera kuyang'ana?

Pafupifupi nyanja zonse zazikulu za ku Texas ndi madamu, kutanthauza kuti pansi pake pali dziko limene linamira: mitsinje, makwawa, zitunda, misewu, minda. Titenge Lake Tawakoni, imene ili makilomita pafupifupi 80 kum'mawa kwa Dallas ndipo imadziwika ndi haibridi. Inapangidwa mu 1960 atatseka mtsinje wa Sabine ndi Iron Bridge Dam. Ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 15,000, ndipo pakuya kwambiri ndi mamita 21. Mitsinje itatu, Cowleech Fork, Caddo Fork ndi South Fork, imalowamo, ndipo makwawa ake akadalipobe pansi pa madzi, okhotakhota monga analili kale, kukakumana n'kulowera ku damu.

Khwawa la mtsinje wakale ndiwo msewu wa shad m'nyengo yozizira. Musanatsitse boti m'madzi, tengani mapu oonetsa kuya, mulondole khwawalo ndi chala kuchokera ku damu kukwera kumtunda. Chongani pamene lakhota kwambiri, chifukwa kunja kwa khonako kumakhala phompho. Chongani pamene makwawa awiri akumana. Chongani zitunda zomira zimene zili pafupi ndi khwawa, makamaka zimene nsonga yake ili mamita 6 mpaka 9 pansi pa madzi pamene mbali zake zatsetserekera ku mamita 12 kapena 15. Chonganinso nsonga za mtunda zimene zalowa m'madzi n'kupitirira mpaka kukafika m'mphepete mwa khwawa, misewu yakale yomira, ndi zipilala za milatho, monga za Two Mile Bridge pa Tawakoni pomwepo.

Mwa malo onsewa, a white bass ndi osavuta kulosera. Imakonda kukhudza pansi, makamaka pa mchenga kapena dongo lolimba, pa mlomo wa phompho, ndipo ikapezeka pa chitunda china lero, mwayi ulipo woti ipezekenso pomwepo mawa. Haibridi njovuta. Nthawi zambiri imayandama pakati, osakhudza pansi kapena pamwamba, pamalo opanda chizindikiro chilichonse, ikungoyenda ndi khamu la shad. Msodzi wa white bass angathe kudalira mapu. Wa haibridi ayenera kuyenda ndi kuyang'ana.

Zimakhala pa kuya kotani?

M'nyanja zambiri za ku Texas, pakati pa mamita 8 ndi 15 ndi poyambira pabwino. Koma pali njira yodziwira ya tsikulo. Mukangochoka padoko, yendani pang'onopang'ono kudutsa khwawa kawiri kapena katatu mukuyang'ana makina oonera pansi pa madzi, ndipo muone kuya kumene zamoyo zambiri zikuoneka. Ngati shad zili pa mamita 10 pano, kawirikawiri zilinso pa mamita 10 mbali zina za nyanja tsiku limenelo. Mukatero bwererani pa mapu mufufuze malo amene pansi pa nyanja pakukumana ndi mamita 10 amenewo, kaya ndi nsonga ya chitunda kaya mlomo wa khwawa. Pamenepo m'pamene nsomba zazikulu zimapanikizira shad.

Kodi n'zoona kuti mbalame zimalondolera msodzi?

N'zoona, ndipo ndi makina akale kwambiri amene asodzi ali nawo. M'nyengo yozizira mbalame za m'madzi zochokera kumpoto, makamaka ma gull ndi ma tern, zimadzaza nyanja za ku Texas. Nsomba zikamadya pansi, shad zina zimathawira pamwamba, zina zovulala zimayandama, ndipo mbalame zimagwera pomwepo. Msodzi wanzeru sasiya zoonera patali kunyumba. Amazimitsa injini pakati pa nyanja m'mamawa n'kuyang'ana mbali zonse.

Koma mbalame zimafunika kuziwerenga. Zikamazungulira pamalo amodzi, zikulira, zikugwera m'madzi motsatizana, pansi pali ntchito. Zikangotera pamadzi zambiri zili phee, mwina phwando latha posachedwa ndipo nsomba zikadali pansi pomwepo. Dutsanipo ndi makina musanapite kwina. Zikamauluka zotayana, imodzi apa ina uko, nazonso zikusaka ngati inu.

Palinso chinyengo. Mphipi ndi mbalame zina zomira m'madzi zotchedwa loon zimathamangitsa shad pazokha, ndipo ma gull amazitsatira kuti atoleko. Mukhoza kuthamangira mbalame mazana n'kupeza kuti pansi palibe white bass ngakhale imodzi. Chimene mwapindula n'chakuti mwadziwa pamene pali shad, basi.

Chinthu chimodzi chimene chimakwiyitsa asodzi anzanu kuposa china chilichonse ndi kulowa pakati pa mbalame ndi injini yaikulu ikubangula. Khamu limabalalika, ndipo aliyense waluza. Zimitsani patali, mamita 100 kapena kuposerapo, kumbali kumene mphepo ikuchokera, mulole mphepoyo ikukankhireni, kapena gwiritsani ntchito kainjini kamagetsi.

Pa makina oonera pansi pa madzi, ndizizindikira bwanji?

Makina a sonar amatumiza phokoso pansi n'kujambula chimene chabweza phokosolo. Mwa nsomba, chimene chimabweza kwambiri ndi kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwake. Anthu ambiri sadziwa kuti makina wamba amaona malo ochepa zedi: m'lifupi mwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi. Pa mamita 12, mukuona kabwalo ka mamita 4 kokha, pa nyanja ya mahekitala 15,000. Khamu la nsomba mazana asanu likhoza kukhala mamita 10 kumanzere kwanu inu osadziwa. N'chifukwa chake chitunda sachidutsa kamodzi. Mumachidutsa mokhotakhota, kuchokera kwakuya kupita kosaya n'kubwereranso, pa liwiro la munthu woyenda mofulumira. Makina oona cham'mbali amathandiza pamenepa, popeza amajambula mamita 30 kapena kuposa mbali iliyonse. Kuyambira 2018, pamene kampani ya Garmin inatulutsa LiveScope, kwabweranso makina oonetsa nsomba ikusambira nthawi yomweyo. Ndi okwera mtengo, ndipo kunena zoona amathandiza kwambiri munthu amene wapeza kale nsomba kusiyana ndi amene akuzifufuza.

Shad zimaoneka ngati mtambo. Mtambowo ukakhala wotayana, wopyapyala, wotambalala mtunda wautali, ndiye kuti shad zili pamtendere, palibe chozisowetsa tulo. Ukakhala wothinana, wobulungira, wong'ambika m'mbali kapena wokhala ndi mabowo, pali chikuzidya. Yang'anani pansi pake ndi m'mbali mwake. Haibridi zimaoneka ngati timauta tokhuthala, totalikirana pang'ono. White bass zogona zimaoneka ngati timabampu tomatirira pansi, moti wosazolowera amayesa miyala. Zikadzuka n'kuyamba kudya, sikirini imadzaza ndi mizere yokwera ndi yotsika yopiringizana.

Si uta uliwonse umene uli haibridi. Milamba ya kumeneko, makamaka blue catfish imene ili yambiri pa Tawakoni, imatsatiranso shad, ndipo pali nsomba zina zazikulu monga carp, buffalo ndi gar zimene zimayandama m'magulu m'nyengo yozizira osafuna nyambo yanu. Njira yodziwira ndi imodzi: tsitsani nyambo muone ngati china chikukwera kudzaiona.

Nanga wopanda boti kapena wopanda makina angatani?

Mwayi wake ndi wochepa, tisanamizane, koma ulipo. Kumunsi kwa damu, pamene madzi akutuluka, shad zofooka zimakokedwa ndi madzi ndipo nsomba zazikulu zimadikirira pomwepo. Miyala yoyalidwa pa khoma la damu ndi m'mbali mwa milatho imafunda ndi dzuwa, ndiponso ili pafupi ndi madzi akuya. Usiku, madoko okhala ndi magetsi owalira m'madzi amakoka tizilombo ta m'madzi, kenako shad, kenako white bass.

Malo apadera ndi nyanja zoziziritsira makina opangira magetsi, monga Calaveras Lake ndi Braunig Lake pafupi ndi San Antonio, kapena Sooner Lake ku Oklahoma. Makina akamagwira ntchito, madzi otuluka amakhala ofunda kuposa nyanja yonse, ndipo shad zimakhamukira kumeneko. Mu Calaveras ndi Braunig mumakhala ngakhale nsomba za banja la chambo ndi makumba, zimene m'madera ozizira a Texas zimafa chisanu chikakula.

Kodi nyengo ya tsikulo imasintha malo ake?

Kwambiri. Ku Texas kuzizira kumabwera mwa apo ndi apo: mphepo yamphamvu yochokera kumpoto imawomba, kuzizira kwa masiku awiri kapena atatu, kenako mphepo ya kumwera n'kubweretsa kafundidwe. Nthawi yabwino ndi maola amene mphepo ya kumpoto yatsala pang'ono kufika, kumwamba kuli mitambo, pamadzi pali timafunde. Nsomba zimakwera, mbalame zimagwira ntchito, ndipo mitambo ikakhalitsa zimatha kudya mpaka masana. Tsiku lotsatira mphepoyo, kumwamba kuli mbee, madzi ali bata, ndilo tsiku lovuta. Nsomba zimamatirira pansi ndipo mbalame zimangokhala pamchenga.

Kukafunda masiku atatu kapena anayi otsatizana, yesani kosaya. Digiri imodzi kapena awiri ndi okwanira kukokera shad pa mchenga wa mamita 3 kapena 4 madzulo, makamaka gombe limene mphepo yakhala ikuwombako. Haibridi zazikulu zimatsatira, ndipo asodzi amene anamva kuti m'nyengo yozizira nsomba zimakhala kwakuya kokha amazidutsa osadziwa. Madzi amatope ozizira, monga amene amalowa mvula ikagwa mu Januwale, ndiwo oyenera kuthawa, chifukwa nsomba zimenezi zimasaka ndi maso.

Ndazipeza, koma sizikuluma. Ndalakwitsa pati?

Mwina mukufulumira. Dzanja limene linazolowera kukoka nyambo mwachangu mu Juni limavutika kudekha mu Januwale.

Pa white bass zogona pansi, nyambo yodalirika ndi slab, kachitsulo kamtovu kophwatalala kolemera magalamu 20 mpaka 40, koyera kapena kachikasu kobiriwira. Imikani boti pamwamba penipeni pa khamu, mutsitse slab mpaka igunde pansi, muinyamule pang'ono, masentimita 30 kapena 50, n'kuisiya igwe yokha. Nsomba zambiri zimaluma ikamagwa, chifukwa m'pamene imafanana ndi shad yakufa. Zikakana, yesani kuikweza pang'onopang'ono osaima, mamita awiri kapena atatu. Nthawi zina imodzi imaitsatira, ndipo imodzi ikadzuka zinzake zimachita nsanje. Apa kainjini kamagetsi kokhala ndi GPS, kamene kamaimika boti pamalo amodzi popanda nangula, n'kothandiza kuposa zida zina zambiri zimene anthu amawonongerapo ndalama.

Pa haibridi zoyandama, njira yotchuka pa Texoma ndi Tawakoni ndi imene amaitcha deadsticking. Mumatenga kansomba kapulasitiki kofewa ka masentimita 10 mpaka 13, n'kukaveka pa mbedza ya mutu wamtovu, kutsitsa mpaka pa kuya kumene nsomba zili, n'kungogwira ndodo osaigwedeza m'pang'ono pomwe. Boti limayenda lokha ndi mphepo, pang'onopang'ono, osapitirira kilomita imodzi pa ola. Mphepo ikakula amaponya m'madzi chithumba chansalu chomangirira ku boti kuti chichepetse liwiro. Nyambo ikhale pamwamba pang'ono pa nsomba, osati pansi pake, chifukwa maso ake amayang'ana m'mwamba. Kuluma kwake ndi kakugunda kamodzi kochepa, kapena chingwe kungopepuka mwadzidzidzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njira iyi imayesa munthu ndithu: zala zili gwaa ndi chisanu, inu muli chiimire osachita kanthu.

Pali chizolowezi china chodabwitsa. Asodzi a ku Texas amagogoda pansi pa boti ndi ndodo ya mutu wa labala, gu, gu, gu, mosadukiza, ndipo ena anagula makina ogogoda okha. Munthu angayembekezere kuti nsomba zithawa, koma white bass ndi haibridi zimabwera kudzaona, n'kuima pansi pa boti. Njira imeneyi imagwira ntchito bwino m'madzi akuya; kosaya phokosolo limaziopseza.

Ndikhale nthawi yaitali bwanji pamalo amodzi?

Ngati makina sakuonetsa kanthu, musatsitse n'komwe nyambo. Ngati akuonetsa nsomba koma mwayesa njira ziwiri kwa mphindi 15 kapena 20 popanda yokwera kudzaona, chongani malowo pa GPS mupite kwina, mudzabwerenso dzuwa likasuntha. Asodzi odziwa amatha ola lathunthu, nthawi zina awiri, akungoyendetsa boti ndodo zili chigonere. Woonera amati akuwononga mafuta, koma nsomba za tsiku lonse zimatha kugwidwa pa mphindi 40 pamalo amodzi.

Zimenezi zimasintha liti?

Cha kumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale, masana akayamba kutalika, white bass zimayamba kusunthira kumtunda kwa nyanja, zikulondola khwawa lomwe lija. Zimaima m'maenje akuya pafupi ndi pamene mtsinje ukulowera. Madzi akafika cha m'ma madigiri 12 kupita m'mwamba, makamaka mvula ikagwa mtsinje n'kuyamba kuyenda, zimakwera: zazimuna patsogolo, zazikazi pambuyo. Sizimanga chisa, zimangomwaza mazira pa miyala ndi mchenga m'madzi oyenda, ndipo amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu. Ulendowu ndi wotchuka pa mtsinje wa Sabine kumtunda kwa Toledo Bend, pa Trinity kumtunda kwa Lake Livingston, pa Neches kumtunda kwa Lake Palestine, ndi pa Colorado kumtunda kwa Lake Buchanan. Haibridi zina zimakwera nawo, ngakhale kuti ulendo wawo subala kanthu kwenikweni. Choncho ngati chitunda cha pafupi ndi damu chimene chinakupatsani nsomba mu Disembala chili zii mu Febuluwale, yang'anani pakati pa nyanja ndi kumtunda.

Pali choopsa chilichonse, kwa nsomba kapena kwa msodzi?

Kwa nsomba, ndi kathumba ka mpweya kaja. Mpweya umene uli pa mamita 10 pansi pa madzi umafufuma kuwirikiza kawiri ukafika pamwamba. Nsomba yokokedwa mofulumira kuchokera pa mamita 12 kapena 15 imatha kutupa mimba n'kulephera kumiranso. Ngati simukufuna kuisunga, ibwezeni msanga, mutu patsogolo, isanathe mphamvu. Mukakwanitsa nambala yololedwa pa khamu lakuya, ndi bwino kulisiya kusiyana n'kupitiriza kugwira ndi kutaya zimene zikayandame mbalame n'kuzidya.

Kwa munthu, ndi madziwo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo, ndipo munthu akagwera m'madzi a madigiri 8, mphindi yoyamba amapuma mobanika mosadziletsa, n'kumeza madzi, ngakhale akhale katswiri wosambira. Pakapita mphindi zochepa manja amaleka kugwira, ndipo zovala zambiri zimene anavala pothawa chisanu zimamulemera. Mphepo ya kumpoto imatha kusandutsa nyanja yabata kukhala ya mafunde oopsa pa nthawi yochepa, ndipo mu Januwale maboti oti angakuoneni amakhala ochepa. Lamulo la ku Texas limafuna kuti m'boti mukhale jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, ndipo ana osakwana zaka 13 aziivala boti laling'ono likamayenda. Akuluakulu ambiri amaiika pansi pa mpando. M'nyengo yozizira, valani yanu musanachoke padoko, ndipo uzani wina kunyumba mbali ya nyanja imene mukupita ndi nthawi imene mubwerere.